Mlakatuli pachingwe: zimene ndakatulo ya Ferlinghetti imanena pa kudziika pachiswe, ndi zimene imasiya

M'chaka cha 1958, mlakatuli wa ku America, Lawrence Ferlinghetti, adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa A Coney Island of the Mind, lomwe m'kupita kwa zaka lidagulidwa makope oposa miliyoni imodzi, chinthu chosowa kwambiri pa mabuku a ndakatulo. Ndakatulo ya nambala 15 m'bukuli ilibe mutu, choncho anthu amangoitchula ndi mawu ake oyamba, Constantly Risking Absurdity, kutanthauza kudziika nthawi zonse pachiswe chooneka wopusa, ndipo mzere wotsatira ukuwonjezapo imfa. Ndi yaifupi, ya mizere 33 yokha, ndipo yonse yatsamira pa chithunzi chimodzi: mlakatuli ali ngati katswiri wa masewero amene amayenda pa chingwe cha waya chomangidwa m'mwamba, anthu atadzaza pansi, makosi ali chagada. Ndakatuloyi imaphunzitsidwa m'sukulu zambiri, ndipo kawirikawiri imatengedwa ngati uphungu wolimbikitsa munthu kuti asaope kuyesa zinthu. Kumva kotereku kuli ndi choonadi chake, koma n'kopepuka kuposa ndakatulo yeniyeniyo, ndipo kumabisa funso lovuta la amene angathe kugwa n'kudzukanso ndi amene kugwa kumodzi kumamutheratu.

Zochitika za m'ndakatuloyi n'zosavuta kuzitsatira. Mlakatuli akukwera, ndipo makwerero ake ndi mawu omveka mofanana kumapeto a mizere, mpaka atafika pa chingwe chimene wamanga yekha. Chimene chikumugwira kuti asapendekeke ndi maso a oonerera. Akuyenda, akudumpha, akusinthanitsa mapazi mochenjera, koma pa zonsezi sayenera kusokoneza chinthu ndi chimene sichili, pakuti asanaponde paliponse ayenera kuona choonadi chokungika ngati chingwe chomwecho. Pamwamba penipeni paima Kukongola, amene mlakatuli wamupatsa thupi la munthu wamkazi, akudikira kuti adumphe. Ndiye pamapeto katswiri uja akuchepa mwadzidzidzi, akusanduka kamunthu kakang'ono konga Charlie Chaplin, katswiri wa mafilimu oseketsa, kamene mwina kamuwakha mkaziyo, mwina ayi. Ndakatulo ikuthera pomwepo, mkazi ali m'malere, manja ndi miyendo zitatambasuka.

Maonekedwe a ndakatuloyi papepala ndi gawo la tanthauzo lake. Mizere siyambira malo amodzi kumanzere monga tidazolowera. Wina wayambira pakati, wina wakankhidwira kumanja, wina wabwerera, moti diso la wowerenga limapendama uku ndi uku. Mulibe mpumiro kapena mpatuliro ngakhale umodzi, ndipo woiwerenga mokweza amasowa pokokera mpweya kufikira atatsiriza. Ferlinghetti adali wojambulanso zithunzi, ndipo zikuoneka kuti ankaliona tsamba la buku ngati malo oyalapo zinthu, osati ongolembapo.

Chinthu choyamba choyenera kuchilingalira ndi dongosolo la zoopsa ziwiri zimene ndakatuloyi yatchula. Yayamba ndi kuoneka wopusa, imfa yabwera pambuyo. Woyenda pachingwe weniweni akaphonya amafa, koma mlakatuli wa ku San Francisco, komwe Ferlinghetti ankakhala, akaphonya amangosekedwa, ndipo Ferlinghetti ankadziwa kusiyana kumeneku bwino lomwe, pakuti adaionapo imfa pafupi: adali msilikali wa pamadzi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, adatsogolera sitima yaing'ono pamene asilikali ankaoloka kupita ku Normandy mu 1944, ndipo adafika mumzinda wa Nagasaki patangopita masabata ochepa bomba la atomiki litauphulitsa. Munthu wotere akaika manyazi patsogolo pa imfa, sakuchita mosadziwa. Iye akunena kuti chimene chimaletsa anthu ambiri kulemba, kuimba kapena kuyankhula pagulu si mantha a kufa, koma mantha akuti anthu adzaseka, adzanong'onezana, adzati akudziyesa ndani ameneyu.

Apa m'pamene Chaplin akulowera. Mu filimu yake ya mu 1928 yotchedwa The Circus, munthu wosauka uja wa chipewa chaching'ono ndi nsapato zazikulu akukakamizika kuyenda pachingwe m'malo mwa katswiri amene sadabwere. Wadzimangirira lamba wobisika kuti asagwe, koma lambayo akumasuka iye ali pakati, kenako anyani akumukwera, wina akumuluma mphuno, ena akumuvula buluku, anthu pansi akukuwa. Ngozi ndi chipongwe zafika nthawi imodzi, ndipo sizingalekanitsidwe. Potchula Chaplin, ndakatuloyi ikukana kumujambula mlakatuli ngati ngwazi. Ndi munthu wamba amene wakwera pamalo pomukulira, ndipo ulemu wake wonse uli poti sadatsike.

Mfundo yachiwiri, imene owerenga ambiri amaidumpha, ndi yakuti ndakatuloyi siyamikira kuchita zinthu mwachisawawa. Pakati pake penipeni pali lamulo lolimba loti woyendayo aone zinthu monga zilili asanasunthe phazi. Mbiri ya oyenda pachingwe enieni ikuchitira umboni. Pa 7 Ogasiti 1974, Mfalansa wina, Philippe Petit, ali ndi zaka 24, adayenda pa waya womangidwa pakati pa nsanja ziwiri za World Trade Center ku New York, pamtunda wa mamita oposa 400, popanda ukonde kapena lamba, ndipo adaoloka kasanu ndi katatu m'mphindi pafupifupi 45. Oonerera pansi adaona misala. Chimene sadaone n'chakuti iye adayamba kuganizira za ulendowu mu 1968, nsanjazo zisanathe n'komwe kumangidwa. Kuti adalowamo kambirimbiri atadzibisa ngati wogwira ntchito kapena mtolankhani kuti ayeze zonse. Kuti adaphunzira mmene mphepo imagwedezera nyumba zazitali. Ndiponso kuti usiku wonse iye ndi anzake adautha akukoka waya wolemera, atayamba ndi kuponya muvi womangiridwa ulusi wa mbedza kuchokera padenga lina kupita pa linzake. Mphindi 45 zija zidakhala pa msana wa zaka 6.

Komabe kukonzekera sikuchotsa chiopsezo, kumangochichepetsa. Karl Wallenda, amene adayenda pachingwe moyo wake wonse ndipo adaphunzitsa banja lake lonse luso limeneli, adagwa n'kufa pa 22 Malichi 1978 mumzinda wa San Juan ku Puerto Rico, ali ndi zaka 73, pa tsiku la mphepo, akuoloka pakati pa nyumba ziwiri za hotela. Palibe amene angati munthu ameneyu sankadziwa ntchito yake. N'chifukwa chake mathero a ndakatulo ya Ferlinghetti ali oona mtima: ngakhale waona bwino, waponda bwino, wafika pamalo oyenera, kuwakha sikulonjezedwa. Ndipo taonani kuti amene akudumpha si mlakatuli, koma Kukongola. Mlakatuli akaphonya, chowonongeka si mbiri yake yokha, koma chinthu chija chimene chidamudalira, chimene mwina sichidzapezanso wina wochiwakha. Aliyense amene adamvapo nyimbo yabwino itaimbidwa moipa, kapena nkhani yofunika italembedwa mosasamala, akudziwa kuti kulephera kwa mmisiri kumapweteka zambiri kuposa mmisiriyo.

Moyo wa Ferlinghetti mwini ukuonetsa mmene iye ankayezera chiopsezo. Mu 1953 adatsegula sitolo ya mabuku ya City Lights ku San Francisco pamodzi ndi Peter Martin, ndipo posakhalitsa adayamba kusindikiza timabuku ta ndakatulo totchipa, tolowa m'thumba. Kachinayi mwa timabukuti kadali Howl ka Allen Ginsberg, kotuluka mu 1956, komwe kadali ndi mawu olaula ndi nkhani za kugonana ndi mankhwala ozunguza bongo zimene malamulo a nthawiyo sankalola. Asanakatumize kosindikiza, Ferlinghetti adayamba wapereka zolembazo ku bungwe loteteza ufulu wa anthu la American Civil Liberties Union kuti adziwe ngati lidzamuimire mlandu ukadzabuka, ndipo bungwelo lidavomera. Mlandu udabukadi. Mu Malichi 1957 akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko adalanda makope 520 ochokera ku London komwe kabukuka kankasindikizidwa, ndipo mu Juni apolisi ovala zovala wamba adagula kope limodzi m'sitolomo n'kumanga wogulitsa, Shigeyoshi Murao, kenako Ferlinghetti mwini. Akatswiri a zolembalemba adabwera kudzaperekera umboni, ndipo pa 3 Okutobala 1957 woweruza Clayton Horn, amene ankaphunzitsanso Sande sukulu, adagamula kuti bukulo si lolaula chifukwa lili ndi phindu kwa anthu. Mlanduwo udangolitchukitsa bukulo. Ndakatulo ya woyenda pachingwe idatuluka m'buku chaka chotsatira.

Palibe chifukwa chochepetsera kulimba mtima kumeneku, pakuti munthuyo akadatha kulowa m'ndende ndi kutaya sitolo yake. Koma tiyenera kuona zimene zidali pansi pake. Padali maloya okonzeka, padali khoti lotseguka lomwe atolankhani ankalowamo, padali malamulo oyendetsera dziko amene amatchula ufulu wa kuyankhula, padali woweruza amene adawerenga bukulo asanagamule. Ukonde udalipo, ndipo iye adaukoka kaye kuti aone ngati uli wolimba asanakwere. Chithunzi cha chingwe chomanga wekha chikugwira ntchito bwino m'dziko lotere, m'mene mlakatuli amasankha yekha kutalika kwa malo amene akufuna kukwera.

Zinthu zimasintha pamene kutalikako akusankha ndi ena, ndipo Amalawi safunika kupita kutali kuti apeze chitsanzo. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1968, ndipo pamene ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa gulu la alembi la Writers Group mu 1970, aliyense ankadziwa kuti makoma ali ndi makutu. Alakatuli a m'gululi adaphunzira kuyankhula mokuluwika, kubisala m'nthano, m'miyambi ndi m'zirapi: Steve Chimombo adagwiritsa ntchito Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, ndipo Jack Mapanje adatenga nanzikambe, kanyama kosintha mtundu kuti kapulumuke. Kwa iwo, kuona choonadi usanaponde kudali ndi mbali ziwiri. Ankayenera kuona choonadi cha dziko lawo, ndiponso kuyeza kuti mzere uliwonse umveke kwa wowerenga wochenjera koma usagwirike ndi wapolisi. Mzere ukakhala wobisika kwambiri, ndakatulo yafa. Ukaonekera kwambiri, mlembi wapita.

Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981. Mu 1985 lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu za m'Malawi. Pa 25 Sepitembala 1987, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adagwidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa kundende ya Mikuyu, komwe adakhala mpaka mu Meyi 1991. Sadazengedwe mlandu, sadauzidwe chimene adalakwa, ndipo panalibe woweruza woti awerenge bukulo n'kugamula. Chimene chidagwira ntchito ya ukonde, mochedwa, chidali phokoso la alembi ndi mabungwe a kunja amene sadaleke kutchula dzina lake. Ali m'ndendemo ankapeka ndakatulo n'kuzisunga m'mutu, popeza kupezeka ndi pepala kudali mlandu pakokha. Tikaika nkhani ziwirizi pamodzi, ya San Francisco mu 1957 ndi ya Zomba mu 1987, tikuona kuti dongosolo la zoopsa lija latembenuka: kwa Mapanje ndi anzake, kusekedwa kudali kanthu kakang'ono, ndipo imfa siidali fanizo, pakuti mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto.

Ena anganene kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, kuti mlakatuli wa nthawi imeneyo ankadziwa chimene akulowamo ndipo adasankha yekha. Zoona, akadatha kukhala chete. Koma kusankha pakati pa kuyankhula n'kumangidwa ndi kukhala chete n'kuwola m'kati si kusankha kofanana ndi kwa munthu amene akufuna kudziwa ngati angalembe mzere wokongola kuposa wa dzulo. Ndakatulo ya Ferlinghetti ikunena za chiopsezo cha luso lenilenilo, chimene chimakhalapo ngakhale m'dziko la ufulu wonse. Chiopsezo chochokera kwa olamulira ndi katundu wina woikidwa pamwamba pake, ndipo kumusokoneza ndi luso kumabala maganizo oipa akuti ndakatulo yabwino imafuna nkhanza kuti ibadwe. Alakatuli a nthawi ya chipani chimodzi adalemba bwino ngakhale padali nkhanza, ndipo sitidziwa kuti ndi angati amene sadalembe konse.

Tikatuluka m'mabuku n'kulowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku, mbali ya ndakatuloyi imene imagwira kwambiri ndi ija ya kusekedwa. Chitsanzo chodziwika ndi cha William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14, ataona zithunzi m'buku la ku laibulale yaing'ono ya kwawo, adayamba kutola zitsulo kudzala: fani ya thirakitala, fulemu ya njinga, dayinamo, mapaipi a pulasitiki amene ankawawotcha n'kuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko. Adamanga nsanja ya mitengo ya bulugama n'kukweza pamwamba makina akewo, opanga magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. Anthu ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba, ndipo tsiku loyesa makinawo adasonkhana pansi pa nsanja, ambiri atabwera kudzaseka. Babu lidayaka. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED, womwe anthu amafotokozerapo nzeru zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo dziko lonse lidamumva. Pano pali zonse za m'ndakatulo ija: malo okwera omanga yekha, maso a gulu, ndi kufunika koona zinthu monga zilili, pakuti magetsi sanyengereka ndi chikhulupiriro cha munthu, waya ukalumikizidwa molakwa babu siliyaka basi.

Koma nkhani ngati imeneyi timaikonda chifukwa idatha bwino, ndipo pamenepa pali msampha. Timamva za amene adawakha. Amene adaphonya sitiwaitana kumisonkhano. Pa mnyamata mmodzi amene makina ake adazungulira, alipo ena amene adayesa china chake, chidakanika, ndipo dzina lachipongwe lidawamatirira mpaka kukula. Uphungu woti munthu asaope kuyesa, umene umamveka kwambiri m'misonkhano ya achinyamata ndi ya zamalonda, nthawi zambiri umaperekedwa ndi anthu amene ali ndi pogwera: malipiro a pamwezi, m'bale wa kunja, nyumba ya makolo m'tauni. Sakunama, koma akuyankhula ali pa chingwe chimene pansi pake pali ukonde.

Taganizirani za mlimi wa chimanga wa munda wa ekala imodzi pamene mvula yoyamba yagwa. Ayenera kudziwa ngati imeneyi ndi chizimalupsa chabe kapena ndi mvula yobzalira. Amakumba ndi khasu kapena kulowetsa dzanja m'nthaka kuti aone pamene chinyezi chafika, amayang'ana mitambo, amamvera wailesi, amaonanso zimene anansi akuchita. Akabzala msanga ng'amba n'kubwera, mbewu imamera n'kupserera, ndipo paketi ya mbewu ya hayibulidi imene adaigula atagulitsa mbuzi kapena atakongola yapita. Kupakiza kumafuna ndalama zina zimene alibe. Akachedwa, chimanga chimakumana ndi kutha kwa mvula chisanakhwime. Luso lake loona zinthu monga zilili silichepa poyerekeza ndi la katswiri aliyense, ndipo zotsatira zake n'zosalonjezedwa chimodzimodzi: m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula, adabweretsa ng'amba yoopsa, moti mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo olima mosamala ndi olima mosasamala adakolola zofanana m'madera ambiri. Kusiyana kwake ndi mlakatuli n'kwakuti mlimiyu sadamange chingwe chimenechi, sadasankhe kukwerapo, ndipo sangatsike. Akaphonya, ogwa ndi ana ake.

N'chifukwa chake mlimi wotere akamakana mbewu yatsopano kapena ulimi wa mtayakhasu umene alangizi abwera nawo, si bwino kufulumira kumunena kuti ndi wamantha kapena wosafuna kusintha. Iye akuwerengera molondola kuti kuyesa kumene kungamupindulitse matumba atatu kungathenso kumulanda chakudya cha chaka chonse, ndipo kwa munthu wopanda nkhokwe ya chaka chatha, kutaya kumalemera kuposa kupindula. Zimene amachita m'malo mwake ndi nzeru zochepetsera kugwa: amabzala chimanga cha makolo mbali ina ndi cha hayibulidi mbali ina, amaika nandolo, maungu ndi khobwe m'munda womwewo, amasunga chinangwa kapena mbatata kudimba, amayesa njira yatsopano pa mizere yochepa ya kumapeto kwa munda, kumene ikakanika anthu odutsa sangaione kwambiri. Amayi amalowa banki m'khonde kuti vuto likagwa asathamangire katapila. Ndipo zimaoneka kawirikawiri kuti banja likapeza pogwera, kaya ndi mbuzi zingapo, kaya ndi mwana amene wayamba ntchito, m'pamene limayamba kuyesa mbewu ina, kutsegula kagolosale, kapena kulola mtsikana kupitiriza sukulu m'malo mopita kuganyu.

Pali chiopsezo chimodzi, komabe, chimene ndakatuloyi ikufotokoza bwino kwa wolemera ndi wosauka yemwe, ndicho choimirira pamaso pa anthu ndi chinthu chochokera mumtima. Wopeka nyimbo ya kwaya amene akuiphunzitsa koyamba, nkhoswe imene ikuyenera kupeza mawu oyanjanitsa banja lomwe latsala pang'ono kutha, mwana wa sukulu amene akulakatula ndakatulo yake pa tsiku lotsekera, munthu wopempha chikhululuko kwa m'bale amene sadayankhulane naye kwa zaka: onsewa akukwera pamalo amene palibe adawakakamiza, ndipo onse angathe kuoneka opusa. Pa zinthu zoterezi ndalama sizithandiza kwenikweni, ndipo kukonzekera kumafika pena n'kulekeza. Nkhoswe ikhoza kudziwa mbiri yonse ya banjalo, kusankha mwambi woyenera, kudikira nthawi yabwino, koma mwamuna kapena mkazi n'kungodzuka kutuluka panja. Ferlinghetti adapitiriza kulemba, kujambula ndi kusindikiza mabuku a anthu ena, ambiri a iwo osadziwika, mpaka atakalamba kwambiri. Adamwalira ku San Francisco pa 22 Febuluwale 2021 ali ndi zaka 101, ndipo sitolo ya City Lights ikugulitsabe mabuku pa msewu wa Columbus Avenue.